Uzamba wa Maganizo: Kuphunzitsa Otsogolera Kafukufuku wa Udokotala

Lamulo la Papa Francis lotchedwa Veritatis Gaudium, la chaka cha 2017, likubwereza zimene Sapientia Christiana inalamula mu 1979: wofuna digiri ya udokotala m'sukulu zaukachenjede za Mpingo alembe buku la kafukufuku lobweretsa nzeru zatsopano, motsogoleredwa ndi mphunzitsi, ndipo aliteteze poyera. Koma mphunzitsiyo anamkonzekeretsa ndani? Ambiri a ife timangoyesa kuti wolandira digiriyo wadziwiratu kutsogolera ena.

M'buku la Plato lotchedwa Theaetetus, Socrates akufanizira ntchito yake ndi uzamba wa amayi ake, nanena kuti chachikulu koposa ndicho kusiyanitsa ganizo lamoyo ndi lopanda kanthu. Tonse tidziwa kuti si mayi aliyense wobereka amene ali mzamba. Uzamba amauphunzira m'chikuta, pambali pa wamkulu.

N'chifukwa chake mayunivesite ambiri amaika mphunzitsi watsopano pamodzi ndi mkhalakale, kuti atsogolere wophunzira mmodzi ali awiri. Pamenepo amaphunzira kuchepetsa funso lotambalala, kubweza mutu wolembedwa msanga osausunga miyezi, ndiponso kugwira dzanja lake lomwe, pakuti chiyeso cha munthu wophunzira kwambiri ndicho kumlembera mwanayo m'malo momfunsa. Chowawitsa ndi kumuuza chaka choyamba chisanathe kuti ganizo lake lilibe moyo. Tikachita manyazi pamenepa, wansembe amene episkopi anamtumiza ku Roma amabwerako patapita zaka zisanu wopanda digiri, ndalama za dayosizi zitatha, seminale ikudikirabe mphunzitsi wa filosofi.