Gitala ya Besi: Mafunso a Amene Akuyamba Kumene

Kodi besi si gitala wamba yongochepa nsambo?

Ubale ulipo, koma ntchito n'zosiyana. Besi yodziwika ili ndi nsambo zinayi, E, A, D ndi G, mayina omwewo a nsambo zinayi zonenepa za gitala, koma mawu ake amatsika okitevu yathunthu. Nsambo ya E imanjenjemera maulendo pafupifupi 41 pa sekondi, n'chifukwa chake kudansi mumaimva pachifuwa. Kholo lake ndi chibesi choimika pansi cha oimba jazi, chovuta kunyamula komanso chosamveka pakati pa ng'oma ndi malipenga. Mu 1951 Leo Fender wa ku California anatulutsa Precision Bass, yokoleka paphewa, yamagetsi, yokhala ndi mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi pake. Jazz Bass inatsatira mu 1960, ndipo mabesi ambiri a m'masitolo lero amatengera awiriwa.

Pogula ndiyang'ane chiyani?

Khosi, osati penti. Ikani diso kumutu kwa gitalayo, muyang'ane kutsika ndi khosi lonse. Kupindika pang'ono kumakonzeka, poti m'kati muli chitsulo chomanga ndi sipanala. Koma khosi lopotoka, lisiyeni ngakhale mtengo utsike chotani. Dinani fureti iliyonse, mumve ngati nsambo ikulira bwino kapena ikuchita phokoso lokhuza chitsulo. Gwedezani chingwe polowera pake. Yamaha, Squier, Cort kapena Ibanez yogwiritsidwapo kale ntchito imaposa yatsopano yonyezimira yopanda dzina. Wa manja aang'ono afunse ya nsambo zotalika mainchesi 30 m'malo mwa 34 yozolowereka. Ya nsambo zisanu, yomwe achinyamata a m'makwaya amaikonda chifukwa cha B wakuya uja, ikhoza kudikira.

Ampulifaya ya gitala ingagwire ntchito?

Motsitsa mawu, inde. Mukakweza, sipika yake ikhoza kung'ambika.

Nanga kuphunzira ndiyambire pati?

Apa m'pamene ambiri amasochera. Amathamangira liwiro, pomwe ntchito za besi ndi ziwiri zokha: kuuza gulu lonse kodi (chord) yomwe yafika, ndi kuyenda limodzi ndi ng'oma yoponda ndi phazi. Tengani nyimbo ya makodi atatu, ngati makolasi ambiri a kutchalitchi. Pa kodi iliyonse imbani mawu a tsinde lake okha: ya G ikafika, G, ya C ikafika, C. Muzidzudzula ndi chala chamkombaphala ndi chapakati mosinthana, chala chachikulu chitatsamira pa pikapu, kachipangizo kotola mawu kunsi kwa nsambo. Zikakhazikika, onjezani mawu achisanu ndi okitevu. Okitevu sivuta kuipeza: dumphani nsambo imodzi, musunthe mafureti awiri.

Chinthu chimene ophunzitsa ambiri amachedwa kutchula ndi kuzimitsa mawu. Nsambo yonenepa ikalira siifuna kusiya, ndipo zinzake zimayamba kung'ung'udza zokha musanazikhudze. Choncho theka la luso ndi kugoneka zala pa nsambo zomwe simukuimba, ndi kudziwa pothera mawu aliwonse. Mverani Aston Barrett m'nyimbo za Bob Marley: mipata imene amasiya ndiyo imavinitsa. Ine ndingalole woimba mawu awiri pa nthawi yake kusiyana ndi wothamangitsa makumi awiri ng'oma ili kwina.

Matuza adzabwera m'masabata oyamba. Mphindi 20 tsiku lililonse zimalimbitsa khungu bwino kuposa kudzipha Loweruka lonse.

Ndilibe ng'oma kunyumba, nditani?

Ikani metironomu pafoni, muyambe pang'onopang'ono, mudzijambule. Foni siinyengerera munthu.

Ndiye kuti wa besi azingokhala kumbuyo moyo wake wonse?

Ayi ndithu. Alick Macheso wa ku Zimbabwe, yemwe bambo ake anali ochokera ku Malawi, amatsogolera Orchestra Mberikwazvo besi ili m'manja, ndipo mu sungura yake besi imayankhula mofanana ndi gitala yotsogolera. Bakithi Kumalo wa ku Soweto anadziwika dziko lonse ndi chimbale cha Paul Simon, Graceland, cha 1986. Kuno kwathu babatoni, besi ya nsambo imodzi yokhoma pamanja, inanyamula kwela ya abale a Kachamba, ndipo Madalitso Band ndi Gasper Nali afika nayo ku Ulaya. Koma onani bwino: onsewa, ngakhale akometsere chotani, nthawi saiphonya. Kumenya nsambo ndi chala chachikulu, komwe Larry Graham anatchukitsa, n'kokoma, komano pa nyimbo ya maliro musayese.

Kuisamala kwake?

Pukutani nsambo mukamaliza, chifukwa thukuta limabweretsa dzimbiri, makamaka m'dzinja. Musaisiye m'galimoto padzuwa kapena kuitsamiritsa pakhoma lachinyezi. Ngati ndi ya batire ya mavoti 9, zulani chingwe mukatha kuimba, apo ayi batire imatha ili chikhalire. Nsambo za besi n'zodula, ndipo ena amaziwiritsa m'madzi kuti litsiro lichoke, mawu abwerereko kwa kanthawi. James Jamerson wa ku Motown, amene ankadzudzula ndi chala chimodzi chokha, sankasintha zake pokhapokha imodzi itaduka.