Kodi Khoti Limalowa Bwanji pa Nkhani za Zisankho za Chipulula?

Nyengo ya zisankho za chipulula ikafika, anthu okhala ku Chinyonga amaona andale akupita ku khoti lalikulu la ku Chichiri kukatenga ziletso. Ambiri amafunsa kuti: kodi nkhani ya m'chipani ikukhudza bwanji oweruza?

Pali malamulo a mitundu iwiri. Oyamba ndi malamulo akulu a dziko lino. Gawo 51 limanena kuti wofuna kukhala phungu akhale nzika ya Malawi ya zaka zosachepera 21, yolembetsa m'kaundula wa voti ndiponso yodziwa Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali m'zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo. Achiwiri ndi malamulo a chipanicho, amene ali ngati pangano pakati pa mamembala. Khoti silisankhira chipani munthu. Limangoona ngati chipanicho chatsata malamulo a dziko ndi malamulo ake omwe.

Chitsanzo chachikulu ndi cha a Bakili Muluzi. M'chaka cha 2008 msonkhano waukulu wa UDF unawasankha kuti aimire chipanicho pa mpando wa pulezidenti. M'mwezi wa March 2009 bungwe loyendetsa zisankho linawakana chifukwa gawo 83 limaletsa munthu kulamulira kupitirira ndime ziwiri zotsatizana. Khoti linagwirizana ndi bungweli pa 16 May, kutangotsala masiku atatu kuti anthu avote, ndipo UDF inathandiza a John Tembo a MCP.

M'chaka cha 2024 khoti lalikulu linathetsa chigamulo cha akuluakulu a MCP choletsa mamembala amene sanakwanitse zaka ziwiri m'chipanimo kupikisana nawo pa msonkhano waukulu. Mfundo yake inali yakuti komiti singasinthe yokha malamulo a chipani.

Ogonja amene akuona kuti aberedwa kawirikawiri amaima paokha. M'chaka cha 2014 aphungu oima paokha 52 anapambana, ndipo mu 2019 analipo 55 mwa aphungu 193. Izi zikusonyeza kuti ovota amakana munthu amene akuluakulu a chipani awakakamiza.

Chotero mamembala a zipani awerenge malamulo a chipani chawo chipulula chisanafike, ndipo afunse msanga kuti oyenera kuvota ndi ndani. Dandaulo lobwera mochedwa limasiya dera lopanda woimira chipani amene anthu anamufunadi.