Maola Ochepa pa Doko la Busan

Sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo panyanja zikakocheza ku Busan, mzinda wachiwiri kukula ku South Korea, kawirikawiri zimafika m'mawa n'kunyamuka dzuwa likupendeka. Mabasi amakhala akudikira kale padoko kuti atengere alendo ku Gyeongju, likulu lakale la ufumu wa Silla, kapena kumasitolo akuluakulu. Ine ndikuti wofuna kumvetsa Korea asathamangire kutali. Atsale m'tauni yakale yoyandikana ndi doko, ayende wapansi, chifukwa zimene zinaumba dziko la lerolino zikuonekabe m'misewu yomweyo.

Nkhondo ya ku Korea itabuka pa 25 June 1950, asilikali a kumpoto analanda pafupifupi dziko lonse m'milungu yowerengeka, kutsala kachigawo kakum'mwera chakum'mawa komwe kuli Busan. Boma la mtsogoleri wa South Korea, Syngman Rhee, linathawira kuno, ndipo mzindawu unakhala likulu logwirizira kwa zaka pafupifupi zitatu. Othawa nkhondo anakhamukira kuno miyandamiyanda, ena pasitima kuchokera kutali ngati ku Hungnam. Malo athyathyathya atatha, anakwera mapiri n'kumanga zisakasa za matabwa ndi makatoni. Ku Ami-dong anamanga pamanda a Ajapani omwe anachoka m'dzikoli mu 1945, moti mpaka lero munthu akawerama amaona miyala ya pamanda ili m'maziko a nyumba ndi m'masitepe, zilembo zake zikuwerengekabe. Munthu samanga pamanda mwakufuna. Miyala imeneyi ikunena za kusowa pogwira kuposa buku lililonse. Kumunsi kuli mlatho wa Yeongdo, womwe unatsegulidwa mu 1934. Mabanja akamabalalika ankapangana kuti adzakumane pamenepo, ndipo odikira atachuluka, oombeza maula anadzaza pansi pa mlathowo kuti aziuza anthu ngati abale awo ali moyo.

Ngakhale nkhomaliro ili ndi mbiri yomweyi. Chakudya chotchuka cha mumzindawu, milmyeon, ndi tizingwe ta ufa wa tirigu todyera mu msuzi wozizira. Anachiyambitsa ndi othawa kuchokera kumpoto: ufa womwe anazolowera kwawo sunkapezeka, choncho anagwiritsa ntchito wa tirigu womwe unkabwera ngati thandizo kuchokera ku America. Pamsika wa nsomba wa Jagalchi, amayi ndiwo akhala patsogolo pa malonda kuyambira zaka zovutazo, pamene ambiri anatsala okha ndi ana.

Wina anganene kuti Korea ndi wakale kwambiri kuposa nkhondo ya zaka zitatu, ndipo kusiya Gyeongju ndi kachisi wake wa Bulguksa n'kutaya mwayi. N'zoona kuti Silla inalamulira kwa zaka pafupifupi 1,000, ndipo malowo ndi oyenera kuwaona. Koma kupita kokha kumadya ola limodzi ndi kupitirira, kubwerera chimodzimodzi, kenaka mlendo amangothamangitsidwa ndi wotsogolera amene maso ake ali pawotchi. Wofuna zakale angakwere sitima yapansi panthaka kupita ku Beomeosa, kachisi wa Chibuda yemwe anakhazikitsidwa mu 678 paphiri la Geumjeong, mkati mwa Busan momwemo. Wotsala ndi nthawi apite ku UN Memorial Cemetery, komwe kwagona asilikali a nkhondo ija oposa 2,000 ochokera m'maiko monga Britain, Turkey, Canada, Australia ndi South Africa.

Chodandaula china n'cholemera kuposa cha Gyeongju chija. Gamcheon, mudzi wa paphiri mu Busan womwe unakula m'zaka za m'ma 1950, unakongoletsedwa ndi ajambuli kuyambira mu 2009, ndipo tsopano alendo amadzaza tinjira take kufuna zithunzi za nyumba zamitundumitundu. Kodi kumeneku si kusandutsa umphawi wa ena kukhala chionetsero? Ngoziyo ilipodi, ndipo imakula mlendo akafika wosadziwa chifukwa chake nyumbazo zinaunjikana chonchi. M'nyumbamo mukukhalabe anthu, ambiri okalamba, ena a iwo ana a othawa nkhondo aja. Wodziwa zimenezi amatsitsa mawu, sasuzumira pazenera, sajambula gogo asanapemphe, ndipo ndalama yake amaisiya m'kagolosale ka m'mudzimo asanatsikire kudoko.