Ufulu wa Okalamba ndi Aulumali pa Ulendo wa Pandege

Masiku ano makolo ambiri a kuno kwathu amakwera ndege kukaona ana ao ku London kapena ku Johannesburg, ena kukafuna chithandizo cha mankhwala ku India. Koma alipo okalamba ndi aulumali amene amauzengereza ulendo poopa masitepe a ndege ndi makonde aatali a m'mabwalo aakulu. Awerengi okondedwa, mantha otere atha kuchepa tikadziwa zimene malamulo anena.

Dziko la America lidakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1986 loletsa makampani a ndege kusala munthu chifukwa cha ulumali. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya adapanga lao m'chaka cha 2006, ndipo Britain, ngakhale adatuluka mu mgwirizanowo, adalisunga. Lamulo la ku Ulayali likuti chithandizo cha pabwalo la ndege ndi chaulere, kuyambira pamene munthu wafika kufikira atakhala pampando wake. Kampani iyeneranso kunyamula mwaulere zipangizo ziwiri zoyendera, monga njinga ya aulumali ndi ndodo. Ingathe kukana munthu pokhapokha ngati malamulo a chitetezo atero, kapena ngati kuchepa kwa ndegeyo ndi zitseko zake sikulola; ndipo wokanidwayo akapempha, alembedwe chifukwa chake pasanathe masiku asanu a ntchito.

Komatu wapaulendo ali nao udindo wake. Lamulolo lifuna kuti adziwitse kampani kukadali maola 48 ndege isananyamuke. Nthawi yabwino koposa ndiyo yogula tikiti. Apo anene mosabisa mphamvu zake, pakuti makampani ali ndi zizindikiro zitatu: WCHR ndi cha munthu wotha kukwera masitepe koma wolephera mtunda wautali, WCHS ndi cha wosatha kukwera masitepe, WCHC ndi cha wofunika kunyamulidwa mpaka pampando. Agogo amene achita manyazi nanena kuti ali bwino, akapeza njinga yokha pamene pakafunika galimoto lowakweza kufika pakhomo la ndege. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Vuto lina ndi kuonongeka kwa njinga, popeza imayenda pamodzi ndi katundu kunsi kwa ndege. Pangano la ku Montreal la 1999 limawerenga njinga ngati katundu wamba, motero malipiro ake ali ndi malire, ndipo kawirikawiri sakwanira mtengo wa njinga ya magetsi. Chifukwa chake muijambule musanaipereke, ndipo ikafika yothyoka mukanene musanatuluke m'bwalo, ndi kulemba dandaulo pasanathe masiku 7. Mwini njinga ya magetsi auziretu kampani mtundu wa batire lake. Mankhwala akumwa asalowe m'sutikesi yaikulu. Akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kalata ya dokotala.

Malamulowa si maina chabe. M'chaka cha 2024 boma la America lidalipitsa kampani ya American Airlines madola 50 miliyoni chifukwa chosasamala anthu aulumali ndi njinga zao.

Inu ana amene mumagulira makolo matikiti muli kutali, musaiwale kuwapemphera chithandizo chimenechi pa bwalo lililonse limene adzasinthire ndege. Ndipo inu makolo, musachiyese chifundo chopempha. Ndi chanu ndithu. Wakutsina khutu ndi mnansi.