Mitengo ya Lamya Isintha Mwakacetecete

M'makomboni a Lusaka monga Kanyama, Chawama ndi Mtendere, anthu ambiri amagula mabandulo a lamya a tsiku limodzi kapena a sabata. Codandaulitsa n'cakuti mtengo ungakhale womwewo, koma mphindi zolankhulira n'kucepetsedwa, kapena masiku ake n'kufupikitsidwa. Nthawi ya bandulo ikatha, zotsala zonse zimapita, ndipo lamya imayamba kudya thokotaimu pa mtengo wokwera.

Msonkho nawonso umalemetsa katunduyu. Mu 2017 Boma linakweza msonkho wa thokotaimu kucoka pa 15 kufika pa 17.5 peresenti. Mu 2018 nduna zinavomereza msonkho wa 30 ngwee patsiku poimba lamya pa intaneti, koma anthu anaukana kwambiri, ndipo sunagwire nchito.

Lamulo la 2009 linakhazikitsa bungwe la ZICTA, limene liyang'anira makampani monga Airtel, MTN ndi Zamtel. Inu a kumudzi amene mumamva za ana anu a ku Lusaka pa lamya, funsitsani masiku ndi mphindi musanalipire. Kampani ikapanda kumva dandaulo lanu, imbani 7070 kwaulere. Safunsa anadya phula.