Risiti Ndi Mboni Yanu Pa Nkhani Ya Msonkho

Alimi ambiri masiku ano sadikiranso mavenda pakhomo. Amanyamula okha uchi, mpunga kapena chiponde kupita nazo ku zionetsero, monga chionetsero cha zaulimi chimene bungwe la MCCCI limakonza ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Ena ndi maajenti ogulitsa mbewu, amene amaitanira alimi anzawo pamalo amodzi kuti adzaone katundu. Onsewa amaononga ndalama zambiri asanagulitse kanthu, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti ndalama zoterezi zimachepetsa msonkho.

Lamulo la msonkho m'Malawi muno limati bizinesi idulidwe msonkho pa phindu. Ndalama zimene mwaononga pofuna kupeza phindulo zimachotsedwa kaye, malinga ngati munaziononga pa ntchito ya bizinesiyo basi.

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi a njuchi ya ku Mzimba imene yagulitsa uchi wa K3,000,000 ku Chichiri. Uchiwo inagula kwa mamembala pa K1,000,000. Malo ogulitsira inalipira K400,000, galimoto K350,000, malo ogona a ogulitsa K150,000, ndipo mabotolo ndi mapepala omata K300,000. Zonse pamodzi ndi K2,200,000. Motero phindu loyenera kuwerengedwa ndi K800,000 yokha. Koma ngati marisiti a galimoto ndi malo ogona atayika, a msonkho angathe kukana K500,000 imeneyo, ndipo kopaletivi idzalipira msonkho pa ndalama imene inapita kale.

Chimodzimodzinso amene akonza yekha tsiku logulitsa. Ndalama yobwerekera tenti ndi mipando, kapena yolengezetsa pa wailesi, imawerengedwa.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi posakaniza za bizinesi ndi za pakhomo. Chitenje chimene mwagulira mayi ku Limbe si cha bizinesi. Mukatsalira masiku awiri kuti muone abale ku Ndirande, ndalama za masiku amenewo nzanu. Komanso katundu wokhalitsa, monga makina ofinyira uchi kapena njinga yamoto, ali ndi malamulo akeake, ndipo kawirikawiri mtengo wake umachotsedwa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo.

Dziwaninso kuti si onse amene amapindula ndi zimenezi. Mabizinesi aang'ono kwambiri amadulidwa msonkho potengera kuchuluka kwa zimene agulitsa pa chaka, osachotsa zimene aononga. Nchifukwa chake nkofunika kufunsa ku ofesi ya MRA, bungwe lotolera misonkho limene linayamba ntchito mu 2000, kuti mudziwe gulu limene bizinesi yanu ili. Popita tengani nambala yanu ya msonkho, ija amati TPIN.

Tsono chochita nchiyani? Gulani kope, ndipo tsiku lililonse la chionetsero lembani deti, chimene mwalipira ndi chifukwa chake. Funsani risiti paliponse, ngakhale kwa mwini lole. Ngati kampani yogula katundu wanu yadula msonkho isanakulipireni, itanitsani kalata yake, pakuti ndi umboni woti gawo lina munapereka kale. Marisiti onse aikeni m'jumbo kutali ndi chiswe ndi chinyezi, ndipo mlembi wa gulu awaonetse kwa mamembala mukangobwerera kumudzi.