Mfuti Saiyesa ndi Chipolopolo Chimodzi

M'midzi ya ku Macanga ku Mozambique, monga yozungulira Furancungo, mfuti si mlendo. Banja la Caetano Pereira, lochokera ku Goa, linalamulira dzikoli ndi asilikali onyamula mfuti zagogodela kufikira Apwitikizi atalilanda m'chaka cha 1902, ndipo gogodela anatsala m'manja mwa alenje kwa mibadwo ingapo. Chinatsalanso ndi kakamwa ka alenje, koti "yanga siphonya". Lero kwabwera mtundu wina wa mfuti, yampweya ya paipi yaikulu, yosafuna wonga, ndipo eni ake akuyankhula chimodzimodzi. Koma mawu amenewa sapindula kanthu ngati mfutiyo sinayesedwe, ndipo kuyesa kwenikweni sikuona ngati chipolopolo chimodzi chalasa pakati. N'kuona ngati zipolopolo khumi zagwera malo amodzi.

Mfuti yampweyayi si yatsopano monga ambiri amaganizira. Asilikali a ku Austria ankagwiritsa ntchito yampweya ya Girandoni cha m'ma 1780, ndipo Lewis ndi Clark ananyamula ya mtundu womwewo paulendo wawo wodutsa America kuyambira 1804 mpaka 1806. Za masiku ano zili ndi thanki yomwe amaipopa mpweya wothinana kuposa wa m'tayala la galimoto maulendo pafupifupi 100. Kamfuti kowombera njiwa kamaponya kamtovu kolemera theka la galamu, kokhala ndi chiuno ndi siketi yomwe imakawongola mumphepo. Mfuti yaikuluyi imaponya chipolopolo cha mtovu wokhawokha, chimene pa Chingerezi amati slug, cholemera magalamu 20 kapena kuposa. Chimenechi chilibe siketi. Chimayenda mowongoka chifukwa timigula topota ta m'kati mwa paipi timachizunguza, monga nguli imene imaima chilili malinga ikuzungulira. Chikazungulira mochedwa chimapepeluka, n'kukafika pa chandamale cham'mbali, n'kuboola pepala bowo lotalika ngati nyemba m'malo mwa lobulungira. Benjamin Robins wa ku England, mlembi wa buku la 1742 la kayendedwe ka zipolopolo, ankawombera kudutsa mapepala oimikidwa motsatizana, ndipo anaonetsa kuti chipolopolo cha mfuti yopanda timigula chimakhota m'njira chifukwa chimatuluka chikuzungulira mwachisawawa. Nthenda ya gogodela ndi yomweyo, ndipo kulowetsamo tizidutswa ta zitsulo kumangoiwonjezera.

Woyesa weniweni amayamba wadzichotsa yekha pa mlandu. Amakhala pansi, n'kukhazika mfuti pa matumba a mchenga kuti kunjenjemera kwa manja kusalowerere, kuseri kwa chandamale kuli chulu kapena khoma la dothi logwira zipolopolo. Amawombera zisanu kapena khumi akuloza kadontho kamodzi, osasintha kanthu ngakhale ataona kuti zikugwera kumanzere. Kenako amatenga rula n'kuyeza mtunda wa pakati pa mabowo awiri otalikirana kwambiri. Nambala imeneyo ndiyo mbiri ya mfutiyo. Mabowo akaunjikana malo okwana chikhatho cha mwana koma kumbali, vuto n'lochepa, chifukwa choonera chimatheka kusuntha. Akamwazikana ngati zitosi za nkhuku pabwalo, ngakhale limodzi litakhala pakati penipeni, mfutiyo ndi zipolopolo zakezo sizikugwirizana. Zifukwa zake n'zazing'ono modabwitsa. Chipolopolo chonenepa kapena chowonda ndi gawo losakwana kukula kwa tsitsi chimatha kugwira timigula bwino kapena kudutsitsa mpweya m'mbali, ndipo mfuti ziwiri za fakitale imodzi zimatha kukonda zipolopolo zosiyana. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo bokosi lokongola la zipolopolo silinena zimenezi.

Mfuti yampweya ili ndi khalidwe lina lomwe ya wonga ilibe. Ukawombera kamodzi, mpweya wa m'thanki umachepa, ndipo zambiri mwa zazikuluzi zimangopereka zipolopolo zochepa zamphamvu yofanana zisanayambe kufooka. Liwiro lake limakhala kunsi kwa liwiro la phokoso, lomwe ndi mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Chipolopolo chothamanga mamita 270 pa sekondi chimatsika masentimita 70 kapena 80 pofika pa mamita 100, choncho liwiro likangosintha pang'ono, mabowo amayamba kutsetsereka papepala ngati masitepe. N'chifukwa chake oyesa amalemba kuchuluka kwa mpweya pa chipolopolo chilichonse, ndipo omwe ali nako amaika kachipangizo koyeza liwiro patsogolo pa paipi. Malo nawo ali ndi mawu ake. Furancungo ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, pomwe mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi kuchigwa cha Zambezi ku Tete, ndipo mwera wa mu June umakankha chipolopolo choyenda pang'onopang'ono kwa nthawi yotalikirapo. Manambala a munthu amene anayesera kwina sangalowe m'malo mwa ako.

Wina anganene kuti agogo athu ankapha nyama ndi gogodela popanda pepala kapena rula. N'zoona, koma iwo ankadziwa malire a mfuti yawo, n'chifukwa chake ankakwawa chosemphana ndi mphepo kufikira nyama ili pafupi kwambiri. Luso lawo linali m'miyendo ndi m'maso. Mwini mfuti yamakono, atakopeka ndi galasi loonera patali, amawombera kutali komwe agogowo sakanayerekeza, ndipo ndi pamene kuyesa kumafunika kwambiri. Winanso angadandaule kuti zipolopolo n'zodula, kupopa pamanja n'kotopetsa, ndiye kuzitayira papepala n'kuwononga. Koma nguluwe yolasidwa m'mimba m'malo mwa pamtima imathawa n'kukafera kuthengo mozunzika, kapena imabisala m'chimanga momwe mawa lake mudzadutsa mayi wopita kukapalira. Chipolopolo chophonya nachonso chimapitirira ulendo, ndipo m'dera la minda ya fodya yoyandikana ndi nyumba za anthu, magalamu 20 a mtovu samasiya kukhala oopsa chifukwa choti anakankhidwa ndi mpweya.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'cha anthu amene amakumbukira nkhondo yomwe inathamangitsira anthu a m'maboma amenewa ku Malawi mpaka mtendere wa 1992, komanso ntchito ya Bishopu Dinis Sengulane yosinthanitsa mfuti ndi makasu ndi njinga. Iwowa amati nkhani ya mfuti ingosiyidwa. Nkhawa yawo ndi yomveka, ndipo dzina loti "yampweya" ndilo limaikulitsa, chifukwa limapusitsa anthu kuti ndi chidole. Mfuti yotere ikhoza kupha munthu, ndipo woifuna ayenera kuyamba wafunsa apolisi za chiphaso, podziwanso kuti kusaka nyama ku Mozambique kuli ndi chilolezo chakechake. Pepala loyeserera limathandiza mbali yomweyo. Munthu amene waona zipolopolo zake zikugundana pa mamita 50 koma zikumwazikana kuposa mbale yansima pa mamita 100 amadziwa pomwe ayenera kutsitsa mfuti, nguluwe n'kupita.